Mapazi a Malume Eneya

Pepala lija Belita analipinda kanayi n'kulibisa m'buku la masamu la Fomu 4, buku limene analumbira kuti sadzalitsegulanso atangotuluka m'mayeso. Linagona mmenemo masiku awiri. Akanatha akanalibisa mwezi wonse, koma Katija, mnzake wokhala naye desiki imodzi kuyambira Fomu 1, pakamwa pake sipankagona nkhani. Pofika Lachiwiri mudzi wonse wa kwawo ku Jenala unali utamva kuti mwana wa a Felista akufunidwa ndi timu ya ku Blantyre.

Zinayambira pa bonanza ya mpira wa atsikana ku Chiringa. Belita ankasewera pakati, ndipo tsiku limenelo anathamanga ngati munthu amene waberedwa njinga akuona. Masewero atatha, mayi wina wamtali wa tirakisuti yakuda anamukodola. Anati dzina lake ndi Fathiya, wa timu ya amayi ya Mphenzi, kumene osewera ntchito yawo ndi mpira basi, salimanso kapena kukhala pa benchi ya tomato. Iye sanali kochi wophunzitsa kumenya mpira ayi. Ntchito yake inali ya matupi: kuthamangitsa osewera, kuwakweza pasikelo ndi kuwalanda mandasi. Anamuuza Belita kuti mpira ali nawo m'miyendo, koma ku Mphenzi mpira pawokha supatsa munthu jezi. Pakatha milungu inayi timu ibwera kudzamanga kampu pa boma ku Phalombe, ndipo aliyense wofuna malo, watsopano kaya wakale, ngakhale kaputeni amene, adzathamanga mamita 2,400 mphindi khumi ndi imodzi zisanakwane. Wopyola ndi sekondi imodzi yokha, njira ya kwawo akuidziwa. Zonsezi analemba papepala n'kumupatsa.

Belita anayankha kuti chabwino, koma anayankha nsapato za mayiwo, poti ndi zimene ankayang'ana.

Anali choncho mwana ameneyu. Zaka zinayi za sekondale sanakwezepo dzanja m'kalasi, ngakhale yankho likumuyabwa pakhosi. M'bwalo sankaitana mpira, ankangothamangira pamalo abwino n'kudikira kuti wina amuone. Anzake ankati tsiku limene Belita adzamwalire adzapepesa onyamula bokosi chifukwa chowalemetsa.

Lachitatu m'mawa anafika a Eneya, malume ake, alongo awo a mayi ake, eni mbumba. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, anavala magalasi, anawerenga pepala lija kawiri, kachiwiriko mokweza kuti nkhuku nazo zimve. Kenako anati nkhani ya mpira sakuidziwa ndipo safuna kunama, koma ya mamita imeneyi ndi yawo.

Apa panalibe wotsutsa. Dera lonselo, kuyambira kumtunda mpaka kuminda ya mpunga ya m'mbali mwa Chilwa, munda ukafuna kuyezedwa ankaitana a Eneya. Analibe chingwe, analibe tepi. Ankavula nsapato, kupinda buluku, n'kuyamba kuyenda: mapazi 70 uku, 70 uku, ekala yakwana. Ankawerenga m'Chilomwe chapansipansi, ndipo akafika pa 100 ankasamutsa njere ya chimanga kuchoka m'thumba lamanja kupita lamanzere. Zaka makumi atatu akuyenda choncho, ndipo mikangano yambiri ya malire inathera pa mapazi awo. Phazi limodzi, mita imodzi. Mwana aliyense wa m'mudzimo anakula akudziwa zimenezi monga ankadziwira kuti matemba amachokera ku Chilwa. Chimene palibe anachiganizirapo n'chakuti a Eneya anali munthu wamfupi. Akakwera njinga ankapalasa ndi nsonga za zala, thupi likupendekera uku ndi uku.

Tsiku lomwelo anayeza njira. Anayambira pa mjigo, kutsata msewu wa kudambo, anthu akuwatsata m'mbuyo mwakachetechete kuopa kuwasokoneza. Njere ya khumi ndi chiwiri inalowa m'thumba lamanzere atafika pa chulu cha m'munda wa nandolo wa a Thomson. Anazika ndodo pamenepo n'kumangirira jumbo ya buluu. Kupita 1,200, kubwera 1,200, nkhani yatha.

M'mawa mwake Belita ananyamuka pa mjigo dzuwa likungosuzumira, Katija atagwira foni ya mabatani ya bambo ake. Anafika pa chulu, anagunda ndodo, anabwerera. Katija anayang'ana foni, anaigwedeza, anaiyang'ananso. Mphindi zisanu ndi ziwiri ndi masekondi makumi awiri. A Eneya anati foniyo yasokonezeka mutu, akabwereke ina. Tsiku lotsatira panali mafoni atatu ndi wotchi ya pamkono ya a katekisiti, ndipo zonse zinanena chimodzi: mphindi zisanu ndi ziwiri ndi masekondi asanu.

Nthungululu zimene zinalira pa mjigo zinadzutsa ngakhale a m'mudzi wa kutsidya. A Eneya anawerengera anthu pa zala kuti a ku Blantyre akufuna khumi ndi imodzi, mwana akuwapatsa zisanu ndi ziwiri, zotsala zinayi. Mphindi zinayi zimenezo, anatero, munthu ukazinga dzira, udya, utsuka mbale, anzako asanatulukire pa kona.

Kuyambira pamenepo kutunga madzi kunasintha nthawi. Amayi ankabwera ndi zigubu mbandakucha koma osapopa, kudikira Belita. Anyamata a kabaza ankapalasa pambali pake akuliza mabelu, ena atanyamula makasitomala amene ulendo wawo sunali wa kudambo n'komwe. A Thomson anazula mitengo itatu ya nandolo pafupi ndi chulu kuti isamukole miyendo pokhota, nandolo wake ali pafupi kuuma. A Felista anamuletsa kusenza ndowa, anati khosi la munthu wa timu silipindika pa zinthu zachabe. Kutchalitchi dzina lake linatchulidwa pa zolengeza, pakati pa tsiku lolambula kumanda ndi msonkhano wa kwaya. Anamupatsa dzina lakuti Ndege, ndipo nyimbo inapezeka yokha, yonena kuti a ku Blantyre asese bwalo, ndege ya ku Jenala ikutera. Pofika sabata yachiwiri nthawi inatsika kufika mphindi zisanu ndi imodzi ndi masekondi makumi asanu, ndipo mnyamata wina amene anakhalako ku Joni analumbira kuti ngakhale a pa kanema safika pamenepo.

Zoona zake, zimene Belita sanauze munthu kwa masiku ambiri, n'zakuti iye anadziwa pa tsiku lachisanu. Thupi ndi limene linayamba kumunong'oneza. Kusukulu aphunzitsi ankawazungulitsa bwalo kanayi, ndipo kutopa kwa pa chulu kunkafanana ndendende ndi kutopa kumene kuja, osapitirira. Madzulo ena a Eneya atachoka pakhomo, mapazi awo atadinda bwinobwino m'fumbi la pabwalo, Belita anatenga rula yake ya kusukulu, anayang'ana uku ndi uku, anagwada. Kuchoka pa chidendene china kufika pa chinzake panalowa marula awiri ndi kachidutswa. Masentimita 66. Anatsegula buku limene analumbira lija, anachulukitsa kumbuyo kwa pepala la a Fathiya, anabwereza katatu mwina masamu angamumvere chisoni. Mtunda umene ankathamanga m'mawa uliwonse sunkakwana bwino ndi mamita 1,600. Mamita 800 anali kusowa, mabwalo a mpira asanu ndi atatu kuwalumikiza m'litali.

Anafuna kunena, Mulungu ndi mboni. Ulendo woyamba anapita kwa malume ake, anagwada, anati malume, iwo anati ee, iye anati mayi akuti mwadzuka bwanji. Ulendo wachiwiri anawapeza atazunguliridwa ndi azibambo akufotokoza mmene anayezera njira, anangodutsa akuwomba m'manja. Ulendo wachitatu anafika atakonza mawu onse m'mutu, koma asanatsegule pakamwa a Eneya analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsapato za kanivasi zoyera, zatsopano, zimene anakagula ku Migowi atagulitsa atambala awiri. Nanga munthu ungalandire nsapato ndi manja awiri kenako n'kumuuza mwini wake kuti miyendo yake ndi yaifupi? Ndipo sikunali kunena za njira yokha. Kunali kunena kuti ekala iliyonse ya m'mudzimo, kuyambira iye asanabadwe, ndi yoperewera.

Panalinso china, chochititsa manyazi kuposa zonse. Zinkamukoma. Moyo wake wonse anthu akamuyang'ana ankafuna nthaka ing'ambike alowe, koma tsopano akamakhota pa chulu n'kumva nyimbo ija ikubwera ndi mphepo kuchokera ku mjigo, m'mimba munkachita kanthu kokoma ngati wameza shuga. Ankathamanga akumwetulira yekha ngati wopusa. Ankadziuza kuti anena mawa, ndipo mawa likafika nyimbo inkakhala itawonjezeredwa ndime ina.

Anauza Katija yekha, patatsala sabata imodzi, akusenda nzimbe kuseri kwa khitchini. Katija anaseka mpaka nzimbe inamutsamwa, anagubuduka pansi, anadzuka, anayesa kuyenda ngati a Eneya, anagwanso. Atapuma anatenga pepala lija n'kuwerenga yekha.

"Ndiye ukulira chiyani? Zisanu ndi ziwiri wamaliza 1,600. Zatsala mphindi zinayi, mamita 800. Masamu akukulola."

"Masamu alibe mapapo," anatero Belita.

Anagwirizana kuti asauze munthu. Masiku otsalawo Belita ankadzipereka kukathyola masamba kudimba madzulo, n'kumathamanga njira yonse kupita ndi kubwera, dengu lili m'khwapa, chifukwa a Eneya anali atalamula kuti kupatula ulendo wa m'mawa mwana asathamange, mphamvu zingathere panjira. Kudimba kunalibe wotchi. Sankadziwa ngati zikukwana.

Loweruka la mayeso anthu a ku Jenala anakwera lole ya a Zubairi, ogula nandolo, imene inkapita ku boma yopanda katundu. Anakwera anthu oposa makumi anayi, ng'oma ziwiri za tchopa, ndi mbuzi ya munthu wina imene inali ndi ulendo wake. Belita anamukhazika kutsogolo pafupi ndi dalaivala kuti fumbi lisamulowe m'chifuwa. Njira yonse nyimbo inali imodzi.

Pabwalo anapeza basi ya Mphenzi itaima, ndipo nyimbo inayamba yatsika yokha. Osewera aja anali ndi akatumba ngati mitondo. Aliyense anali ndi botolo lake lolembedwa dzina, ndipo pachifuwa anamanga kalamba kakuda kowerenga kugunda kwa mtima. Pansi pa mtengo panali sikelo ndi migolo iwiri yodzaza madzi ndi ayezi, imene amayi a ku Jenala anaganiza kuti ndi ya zakumwa za alendo. Atsikana atsopano oyesedwa analipo asanu ndi mmodzi. A Fathiya anawakweza pasikelo, anawalemba, kenako anawalowetsa pamodzi ndi timu yonse kuti atenthetse thupi: kudumpha, kukweza mawondo, kuthamanga chammbali, kuthamanga chobwerera. Pofika kumapeto Belita anali atanyowa kale thukuta, ndipo ankamva mawu a malume ake kunja kwa bwalo akudandaula kuti anthu awa akumumaliza mwana mpikisano usanayambe.

Kenako a Fathiya anatenga kagudumu kokhala ndi chogwirira, kolira kuti tche tche kakamayenda, anazungulira nako bwalo akuika tizipewa tofiira ta pulasitiki. Analengeza kuti raundi imodzi ndi mamita 400, ndipo maraundi ndi asanu ndi limodzi. Belita ataweramira zingwe za nsapato anaona chimene ankaopa. A Eneya anali atavula nsapato, atapinda buluku, akuyenda m'mbali mwa tizipewa tija dzanja lili m'thumba.

Anazungulira bwalo lonse, osewera akuwapatsa njira modabwa. Atamaliza anatulutsa njere n'kuziwerenga m'dzanja. Zinali zisanu ndi imodzi. Anapita kwa a Fathiya, anavula chipewa, anawauza mwaulemu kuti kagudumu kawo kali ndi vuto: raundi imeneyi ndi 600, osati 400. A Fathiya anawayankha mwaulemu womwewo kuti kagudumuko ndi kamene timu imayendera, ndipo bambo akhale kunja kwa mzere. A Eneya anavala chipewa, anabwerera kwa anthu awo, ndipo Belita anaona mitu ikusonkhana.

Othamanga atandanda kale pamzere, Katija anabwera chothamanga ngati akudzamupatsa madzi, n'kumunong'oneza kuti zinthu zavuta. Malume auza anthu kuti a m'tauni akufuna kumubera mwana, kumuthamangitsa 3,600 m'malo mwa 2,400. Agwirizana kuti raundi yachinayi ikangotha alowa m'bwalo kudzatenga mwana wawo, poti pamenepo ndiye kuti wamaliza. Belita anatsegula pakamwa kuti amutume Katija akawaletse, koma wezulo inalira.

Ananyamuka ngati akuchoka pa mjigo. Miyendo inkadziwa liwiro limodzi lokha, la ku chulu, ndipo raundi yoyamba anaimaliza ali patsogolo pa timu yonse ya Mphenzi. Ng'oma zinayamba. A Felista anavula mpango n'kumauzunguza m'mwamba. Ngakhale iye mwini, ndi mantha onse amene anali nawo, kanthu kokoma kaja kanamugwira m'mimba, ndipo anaganiza kuti mwina, mwina rula ija ndi imene inali yolakwika.

Pa raundi yachiwiri anamva kupuma kwa munthu pambali pake, kupuma kodekha ngati kwa munthu wosenda mtedza. Anali Loyce, kaputeni wa timu.

"Iwe mwana, ukuthawa ndani? Tsika pang'ono, ugwire msana wangawu. Ukapsa pano sitikunyamula."

Belita anatsika, anagwira msana. Pa raundi yachitatu msana uja unayamba kutalikira, ndipo misana ina inayi inamudutsa. Anthu a ku Jenala sanadandaule, ankati akuwasiya dala, Ndege ikusewera nawo. A Fathiya ankatchula nthawi aliyense akamadutsa pamzere, mawu awo osakwera osatsika.

Raundi yachinayi ikutha, thupi lake lonse linadziwa kuti apa ndi pa mjigo. Milungu inayi linaphunzitsidwa kuti pamenepa timaima, timagwira mawondo, anthu amatipatsa madzi. Miyendo inayamba kudzimangira mabuleki yokha. Ndipo atakweza maso anaona mudzi wake wonse ukudumpha mzere. Amayi ankayala zitenje pansi kuti apondepo. Oimba ng'oma analowa ndi ng'oma zawo. Wezulo ya a Fathiya inkalira koma inkamveka ngati mbali ya nyimbo. Pakati penipeni pa njira, pakati pa tizipewa tiwiri tofiira, panaima a Eneya, manja atatambasula, nkhope ikuwala, akuitana kuti bwera mwana wa mlongo wanga, wamaliza.

Kuima kunali kosavuta. Miyendo inkafuna, mapapo ankafuna, ndipo moyo wake wonse munthu wamkulu akati bwera iye ankabwera. Panatsala mapazi khumi, asanu. Mawu anatuluka asanawaganize, ndipo anatuluka aakulu moti iye mwini anadzidzimuka.

"Malume, chokani! Mapazi anu ndi aafupi!"

Ng'oma imodzi inasiya, inzake inagunda kawiri n'kusiyanso. Belita anapendekera kumanja ngati akupita kumeneko, a Eneya anatsata, iye anadutsa kumanzere monga amachitira ndi otchinga kumbuyo, anadumpha chitenje cha mayi ake, anawomba phewa pa ng'oma, anatuluka. A Fathiya anafuula nthawi: zisanu ndi ziwiri ndi masekondi asanu ndi anayi. Kumbuyo kwake wina anaphulika chikhakhali, mawu ake ngati a a Thomson, ndipo kuseka kunayaka bwalo lonse.

Za raundi yachisanu Belita sakumbukira zambiri. Amakumbukira kuti m'kamwa munkamveka ngati wanyambita khasu, ndi kuti nsapato zatsopano zija zinasanduka njerwa. Amakumbukiranso kuti amayi a ku Jenala, poti anali atalowa kale m'bwalo ndipo sankadziwa kuti atuluke bwanji, anayamba kuthamanga naye m'kati mwa mzere, atakwinya zitenje, akugwa mmodzimmodzi ndi kuseka. Katija anali atalanda foni ya munthu, akuthamanga chodula pakati pa bwalo kuchoka kona ina kupita ina, akukuwa manambala amene Belita sankawamva.

Polowa raundi yomaliza anamva nambala imodzi yokha, ya a Fathiya: zisanu ndi zinayi ndi masekondi asanu. Masamu ankamulolabe, koma pang'ono. Kutsogolo kwake kunali mtsikana wa timu wa tsitsi lofiira, amene anthu pabwalo ankati ndi womwetsa zigoli wamkulu wa Mphenzi, akuthamanga mutu uli chagada. Belita anamudutsa pa kona yachiwiri, ndipo mwa chizolowezi anati pepani. Pa kona yomaliza maso anachita mdima m'mbali, kutsogolo kokha kukuoneka ngati pa bowo la loko. Anaona Loyce, amene anali atamaliza kalekale, ataima pamzere akumukodola ndi manja onse awiri ngati woimika minibasi. Anathamangira manja amenewo.

Anagwa chafufumimba kuseri kwa mzere, anasanza tiyi yense wa m'mawa pafupi ndi nsapato za a Fathiya, nsapato zomwe zija.

"Khumi ndi masekondi makumi asanu ndi asanu ndi limodzi," anatero a Fathiya akulemba. "Wadutsa. Ndiwe womaliza mwa odutsa, usanyade. Kampu ikamatha ndikufuna khumi ndi theka. Ndipo Lolemba pobwera ku kampu abale akowa ndisawaone."

Wa tsitsi lofiira uja analowa patapita masekondi asanu ndi awiri. A Fathiya anatchula nthawi yake ndi mawu omwewo, anamuuza kuti jezi aisiye m'basi mpaka adzakwanitse, ndipo mtsikanayo anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi malaya. Mwa atsopano asanu ndi mmodzi anadutsa awiri. Belita ataona zimenezi m'pamene anamvetsa chimene chinatsala pang'ono kumuchitikira, ndipo anayamba kuseka, osadziwa kuti chikumuseketsa n'chiyani. Anthu anamunyamula, anamutsitsa, anamunyamulanso. Nyimbo ya ndege inabwerera ngati palibe chachitika.

Munthu mmodzi yekha sanali m'gulumo. A Eneya anakhala pa sitepe ya lole, nsapato zili pambali, chipewa chili pabondo. Azibambo angapo anali atawazungulira, a Thomson akufunsa mokweza ngati munda wawo wa ekala ziwiri uja ulidi ekala ziwiri kapena ndi dimba la anyezi. Ataona Belita akubwera anabalalika akutsokomola.

Belita anagwada m'fumbi, anayang'ana pansi, anati malume pepani, ndalankhula mwachipongwe pagulu. A Eneya anatembenuza chipewa pabondo.

"Unadziwa liti?"

"Sabata yoyamba, malume. Ndinayeza ndi rula."

"Ndi rula." Anapukusa mutu. "Ndiye unandisiya milungu itatu ndikuvina pa mjigo ngati tambala wakhungu?"

"Ndimaopa."

"Lero sunaope. Anamva mpaka a ku Muloza." Anapumira m'mwamba, koma kukamwa kwawo kunkagwedera m'mbali. Anafunsa ngati wadutsadi, iye anati wadutsa ndi masekondi anayi. Anati masekondi anayi si dzira lokazinga, koma ndi kudutsa ndithu, ndipo wa tsitsi lofiira uja anamuona ndi maso awo akudutsidwa ngati chitsa. Za minda, anati, aliyense anakolola pamene analima, palibe chimanga chinadandaulapo. Kenako anamuuza kuti adzuke, anthu angaganize kuti akumuweruza.

Belita anayesa kudzuka. Katumba wa mwendo wamanja anakokana n'kuuma gwa ngati mwala, wamanzere nayenso anatsatira, ndipo anagwera chammbali akukuwa mawu amene mwana wa a Felista sanakuwepo. A Eneya anadumpha pa sitepe osavala nsapato, akuitana adokotala a timu, akuitana a Fathiya, akuitana mlongo wawo. Anabwera Loyce ndi mnzake wina, anamuwongola miyendo akumuseka, kenako anamunyamula wina kumapewa wina kumapazi kulunjika pansi pa mtengo paja. Amayi a ku Jenala anapatuka mwaulemu poganiza kuti akukamupatsa chakumwa.

Anamuviika mu mgolo wa ayezi mpaka m'chiuno. Mpweya unamuthawa, mano anayamba kugundana, ndipo a Felista anagwira kumutu kufunsa ngati anthu awa akufuna kumusunga mwana wawo ngati nsomba. Loyce, amene anali atalowa kale mu mgolo winawo ngati munthu wokhala pa sofa, anati akhale mmenemo mphindi khumi, ndipo azolowere, chifukwa zimenezi ndi za tsiku lililonse.

"Tsiku lililonse?" anafunsa Belita, mano akulira.

"Kawiri Lachitatu."

Belita anagwira m'mphepete mwa mgolo ndi manja onse awiri, anayang'ana phiri la Michesi limene linkavina m'maso mwake chifukwa cha misozi, ndipo anapitiriza kuseka.